Ng'oma Imene Inamiza Mawu a Samuele

Custódio anabwerera ku Mualadzi chaka cha mavoti oyamba, pa kamiyawo, galimoto yaikulu imene inkatula anthu osiya mfuti. Anatsika ndi ndowa, khasu lopanda mpini ndi kathumba ka mbewu ya chimanga. Amayi ake anali atamwalira nkhondo ili pakati. Nyumba inali itagwa, ndipo m'munda mwawo munali mutamera mitengo yoposa munthu. Anaima m'mphepete mwa mundawo nthawi yaitali. Chimene ankafuna pa moyo wake wotsala chinali chochepa: kulima munda umenewo, kukhala pakati pa anthu ngati munthu, ndi kudzaikidwa pafupi ndi amayi ake.

Malume ake, a Hezekiya, sanamulole kuponda pabwalo. Anamugoneka kunja kwa mudzi m'kachisakasa ka udzu, ndipo m'mawa anapita naye kumtsinje pamodzi ndi sing'anga. Anamuvula zonse zimene anabwera nazo m'thupi, nazitentha pamodzi ndi kachisakasa kaja. Anamusambitsa ndi mankhwala, madzi akutsika ndi litsiro lake kumunsi, kenaka anamuuza kuti abwerere kumudzi osacheuka.

"Tamvera, mphwanga," anatero a Hezekiya ali panjira. "Zimene unaona kutchire zapita ndi madzi. Tsiku limene udzazitchule ndi pakamwa pako, wadziitanira magazi a anthu m'nyumba. Ine sindidzakusambitsanso, ndipo mbale imodzi ndi iwe sindidzadyeranso."

Umu ndi mmene ankachitira ndi onse ochokera ku nkhondo, a mbali iyi ndi a mbali inayo. Mtendere wa kuno unaima chifukwa anthu anatseka pakamwa. Wina anganene kuti zinali zoipa, koma anthu analima ndipo ana anabadwa.

Zimene Custódio analetsedwa kunena ndi izi. Anthu a mfuti anamugwira akuchokera ku gule wa chintali kumudzi wina, ng'oma ili paphewa. Anali ndi anzake awiri. Awiriwo anawatema ndi nkhwangwa pomwepo panjira, mmodzi chifukwa anayesa kuthawa, winayo chifukwa analira kwambiri. Custódio anapulumukira ng'oma. Mkulu wa gululo anali munthu wachilendo: magazi sankamunyansa, koma kulira kwa anthu kunkamupweteketsa mutu. Choncho akalowa m'mudzi n'kusonkhanitsa anthu pabwalo, ankamukhazika Custódio pafupi ndi munthu woweruzidwayo, n'kunena kuti, "Omba." Iye ankaomba, ena akudula makutu, milomo, mphuno, kapena kuphwanya mutu ndi munsi. Anachita kupeka kaombedwe kakekake ka ntchito imeneyo, kothamanga, kosasiya mpata ngakhale wopumira, chifukwa pampata m'pamene mfuu ya munthu imatulukira.

Mpeni sanaugwire, izi n'zoona. Koma n'zoonanso kuti mpeni sunkayamba iye asanayambe. Tsiku lina manja anamukanika, analeka pakati. Mkulu uja anamudula nsonga ya khutu lamanzere, naiponya pa chikopa cha ng'oma, nati apitirize. Kuyambira pamenepo sanalekenso pakati.

Atabwerera kwawo anagwetsa mitengo, anazula zitsa, anakolola zochepa koma zake. Ankavala chipewa chokwirira makutu ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ng'oma sankaiyandikira.

Amene anamubweza ku ng'oma ndi Clifford. Dzina lake la ubatizo linali Celso, koma analisiya ku Ukwimi, ku Zambia, kumene banja lawo linathawira iye ali wamng'ono. Anabwera ndi gitala yopanga yekha ndi chitini cha mafuta ophikira amene ankagawira othawa nkhondo, nsambo zake waya wa buleki ya njinga. Ankaimba kalindula, nyimbo za ku Zambia zothyola chiuno. Mfuti sanaimvepo ikulira pafupi, ndipo ankaseka ngati munthu amene sanaimvepo. Atamva kwa amayi achikulire kuti kale panalibe woomba chintali woposa Custódio, anabwereka ng'oma, nakaiika m'munda mwake momwe, pakati pa mizere.

"Mdala, akuti inu munkavinitsa ndi nkhalamba zoyendera ndodo zomwe. Ng'oma nayi. Kapena manja anachita dzimbiri?"

"Ndine mlimi ine," anayankha Custódio osaweramuka.

"Tambala nayenso amapalasa, koma m'mawa amalira."

Anabwera mawa lake, ndi mkuja, mpaka Custódio anatopa naye. Tsiku limene anaika zikhatho pa chikopa, misozi inamutuluka yokha, ndipo Clifford anayesa utsi wa moto wowambira ng'oma.

Wachitatu anali Albina, mwana wa banja la pamishoni, amene ankatsogolera nyimbo m'koro, kwaya ya kutchalitchi kumene kuno amati ku igereja. Mwamuna wake anaponda bomba la pansi akusosa munda, mtendere utabwera kale. Anthu anachita kumutola m'tchire zidutswa, n'kumukulunga mumphasa imene mwana akanatha kunyamula. Kuyambira pamenepo Albina sankafuna kukhala m'nyumba mwachete. Anamva awiriwa akusokosera pansi pa mtengo wa mango, anatula mtolo wa nkhuni, nayamba kuponya mawu pamwamba pa zimene ankaimbazo.

"Chepetsani liwiro, mano Custódio, ndikupuma ngati mbuzi," anatero.

"Mano?" Clifford anagwira pamimba ndi kuseka. "Kuno kwathu munthu wamkulu ndi ndevu zake mumamuti dzino?"

"Ndi Chipwitikizi, mbuli iwe, ndiye kuti achimwene. Ku Zambia anakuphunzitsa kutafuna kokha?"

Zimene ankaimba atatuwa zinalibe dzina. Pansi panali ng'oma ya chintali, gule wa amayi. Pakati panali gitala ya kalindula. Pamwamba panali mawu a Albina, okoka ngati nyimbo ya pa Misa, koma onena za njala, za zitsa, za amuna amene anatsalira ku Malawi ndi akazi atsopano. Akuluakulu a ku igereja anadandaula kuti nyimbo ya Mulungu yakwatiwa kumowa. Amayi achikulire anadandaula kuti chintali chaponderezedwa ndi chitini. Koma onsewo mapazi awo ankagwedezeka pansi pa nsalu. Anthu anawapatsa dzina lakuti a Mphambano, chifukwa anali njira zitatu zokumana pamodzi.

Ankayenda pa njinga ziwiri, ng'oma itamangidwa kumbuyo ndi mphira. Anaimba pa maukwati, pamsika wa ku Chifunde, ndi m'mabaraka ogulitsiramo mowa a ku Cassacatiza, kumene oyendetsa magalimoto akuluakulu ankavina akudikira kuoloka malire. Custódio anayamba kunenepa. Anthu ankamupatsa moni asanawapatse iye. Mayi wina anatumiza ndi mawu kuti mwana wake wamkazi alibe mwamuna.

Cholakwa chinachitika masana ena pansi pa mango uja. Custódio anali atangowamba ng'oma, akuiyesa ngati yalimba, maganizo ali kwina. Dzanja limakumbuka zimene mutu ukufuna kuiwala. Popanda iye kulituma, linalowa m'kaombedwe kaja ka kutchire.

Clifford anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Chimenecho! Bwerezani chimenecho!"

Custódio anachotsa manja ngati chikopa chatentha. "Palibe kanthu. Dzanja linaterereka."

"Literereke kawiri, mdala. Ine ndayenda, Petauke, Katete, sindinamvepo ng'oma yosapuma chotero. Mwaitenga kuti?"

Apa m'pamene panali msampha. Kuti akane bwino, anayenera kunena kumene anaitenga, ndipo kunena kunali koletsedwa. Anangoti siyabwino. Clifford anamusautsa mlungu wonse, akumuti waumbombo, womana anzake ndiwo. Anayesa kuiomba yekha pa chitini cha gitala, akuiphonya dala kuti mwini wake apse mtima. Albina nayenso anali atapeka kale mawu ake: chitsa cha m'munda mwanga chaphuka, ndabwera, amene anandilira apukute m'maso.

Custódio anaganiza motere: malume anati pakamwa. Sanatchule manja. Ng'oma ilibe lilime, singatchule dzina la munthu. Anaganizanso kuti mwina anthu akaivinira ndi chimwemwe, nayonso isamba, monga iye anasambira. Anaomba.

Nyimbo imeneyo inaposa zawo zonse. Ku Cassacatiza ankaipempha katatu. Ana ankaiomba pa zigubu akupita kumjigo.

Dzinja lachiwiri litapita, anthu atakolola, panali ukwati kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, kumene utsi wake umaoneka munthu ali m'munda mwa Custódio. M'mudzimo munali mayi wina dzina lake Josefina, amene anachedwa kubwera kuchokera ku Malawi, pamodzi ndi mlongo wake Sebastião. Josefina anali asanamvepo a Mphambano akuimba. Tsiku la ukwatilo Josefina anali kuseri kwa nyumba ndi amayi anzake, akutsuka mbale. Dzuwa linali litangopendeka. Amuna anali atamwa kachasu kuyambira m'mawa.

Clifford anakuwa kuti tsopano fumbi libuke, ndipo Custódio analowa m'kaombedwe kaja. Bwalo lonse linanyamuka.

Custódio anaona mayi akubwera pakati pa ovina, manja akudontha madzi, osavina, osapatukira aliyense. Anafika, naika chikhatho chake chonyowa pa chikopa. Ng'oma inafa. Gitala inapitirira pang'ono yokha, nayonso inaleka.

"Dzanja ili ndinalimvapo," anatero Josefina. Sanakweze mawu. "Vulani chipewa, bambo."

"Mayi, ukwati uno ndi wa eni ake," anatero Clifford akuseka. "Ngati mwamukonda mdalayu, dikirani timalize."

Josefina sanamuyang'ane. Anatambasula dzanja, nachotsa yekha chipewacho. Khutu lodulidwa nsonga linaonekera poyera.

"Sebastião!" anaitana. "Bwera udzaone munthu amene anaombera ng'oma alamu ako a Samuele."

Custódio akanatha kukana. Anthu odulidwa makutu analipo ambiri masiku amenewo. Koma anangokhala, manja ali pa mawondo, akuyang'ana pansi, ndipo kukhala chete kwakeko kunamuweruza.

Sebastião anali munthu wamfupi wa khosi lalikulu. Anafika ndi chibakera, ndipo Custódio anagwa chagada ndi mpando womwe. Amuna ena anayi kapena asanu analowerera, ena a iwo osadziwa ndi nkhani yomwe. Anamuponda kumimba, m'nthiti, kumaso. Clifford anadziponya pakati akukuwa kuti mwapenga kodi, ndipo wina anamulanda gitala n'kumuphwanyira pamutu. Chitini chinamung'amba khungu kuchokera pachipumi mpaka pakhutu, magazi anamutseka m'maso. Albina anagwira Sebastião malaya, iye anamubweza ndi chigongono pakamwa, mano awiri anagwera m'fumbi. Mkwatibwi anathawira m'nyumba, nsalu yake yoyera ili ndi madontho.

A Hezekiya anabwera akuthamanga ndi ukalamba wawo. "Anasambitsidwa! Ndinamusambitsa ndine! Za kutchire zinatha, simukumva?"

"Nanga alamu anga anawasambitsa ndani?" anayankha Sebastião. "Tinawakwirira opanda nkhope!"

Anamukwakwaza Custódio mpaka pa mtondo, anaugwetsa cham'mbali, naika dzanja lake lamanja pamwamba pake. Mmodzi anamuponda pamkono. Sebastião anatenga munsi, naukweza ndi manja awiri ngati akusinja chimanga chouma. Unagwa kamodzi, kawiri, katatu. Mafupa anamveka ngati nkhuni zonyowa zikuthyoka. Custódio anakuwa, ndipo panalibe woomba ng'oma kuti amize mfuu yake. Mudzi wonse unaimva.

Wina anabwera ndi nkhwangwa, naipereka kwa Sebastião. Pamenepo Josefina anaima pakati pa mlongo wake ndi munthu wogona pansiyo.

"Osamupha," anatero. "Ali ndi mawu anga."

Palibe amene anamvetsa. Koma anawanena mwa mtundu wakuti Sebastião anatsitsa nkhwangwa osatema.

Anthu ananyamula Custódio pa ngolo kupita naye kuchipatala ku Chifunde. Kumeneko anadula zala ziwiri zimene zinali zitaphwanyikiratu, ndipo zitatu zotsalazo zinapola zopindika ngati phazi la nkhuku. Clifford anagona chipinda chomwecho, mutu utasokedwa. Masiku oyamba sanalankhule naye. Tsiku lotuluka Clifford anaima kumiyendo kwa bedi la Custódio.

"Munandisiya ndikuvinitsa anthu pa ng'oma yophera anthu. Ine ndikudumphadumpha ngati chitsiru."

"Ndinakana. Sunamve."

"Munakana ngati mkazi wokana nyama! Bwanji osanena?"

Clifford anatukwana m'Chibemba, anatuluka, kenaka anabwereranso.

"Ine ndikuoloka malire. Kuno anthu ake ndi amisala, inu nomwe. Tiyeni. Ku Katete palibe amene amadziwa khutu lanu. Mukhoza kugwedeza chisekese ndi dzanja linalo."

"Munda wa amayi ndiusiyira ndani?"

"Akakuikani m'mundamo ngati manyowa."

Clifford anapita yekha.

Custódio atabwerera ku Mualadzi anapeza nkhokwe yake itatenthedwa. Anthu amene ankamupatsa moni tsopano ankapatuka panjira. Patapita masiku anabwera Albina, akulankhula dzanja lili pakamwa chifukwa cha mano aja. Sanakhale pansi.

"Ndatumidwa, mano Custódio. Sindinabwere kudzakuonani. A Josefina akuti mupite mukawayankhe funso limodzi la tsiku limene amuna awo anafa. Mukayankha, iwo atsekereza mlongo wawo. Mukapanda kupita, a Sebastião akuti mvula isanagwe mukhale mutachoka, apo ayi ulendo uno ayamba ndi nyumba inu muli momwemo."

"Ndinaletsedwa kunena za kumeneko."

"Ndikudziwa. Inenso ndinaimbapo nyimbo yothokoza Mulungu pa ng'oma imeneyo. Aliyense asenze wake."

A Hezekiya atamva anagwedeza mutu. "Usapite. Dzanja lapita, lipite. Koma ukatsekula pakamwa, onse amene unawaombera ng'oma adzabwera kudzakhala nawe, ndipo palibe mtsinje udzawachotse. Thawira ku Zambia, ukadali woyera. Ine mawu anga ndinanena kale, ndipo sindibweza."

Custódio anakhala pakhonde masiku angapo akuyang'ana munda. Akachoka, akhala wosambitsidwa koma mlendo mpaka imfa. Akalankhula, akhala kwawo koma ndi akufa ake onse. Tsiku lina m'mawa anasiya chipewa pamsomali, naoloka mtsinje.

Anapeza Josefina atakhala pamphasa, akutong'ola chimanga m'lichero. Sebastião anali pamwala chapatali pang'ono, nkhwangwa ili pamiyendo. Custódio anagwada kunja kwa mphasa, naomba m'manja mmene akanathera, chikhatho pa chibakera chopindikacho. Palibe anamuyankha moni.

"Mukuwakumbuka amuna anga?" anafunsa Josefina, maso ali pa chimanga.

"Analipo ambiri, mayi."

"Wamtali, wa mpata m'mano. Anthu a mfuti anawapeza ndi mchere m'chitini. Anati mchere umachokera kuboma, ndiye kuti ndi kazitape. Pabwalo panali mtengo wa mkuyu."

Ichi chinali chitseko, ndipo anadziwa kuti akachitsekula sichidzatsekekanso.

"Ndikuwakumbuka," anatero.

"Ine anandigwira amuna awiri, uku ndi uku, kutsogolo kwa anthu onse. Iwo anawagwaditsa pafupi ndi inu, phewa lawo likukhudza ng'oma yanu. Asanayambe kuwadula anatembenukira kwa ine, akukuwa. Atayamba anapitiriza kukuwa. Mawu omwewo, mobwerezabwereza, ndinaona pakamwa pawo. Koma inu munkaomba. Ndinayang'anitsitsa milomo yawo kuti ndiwerenge, mpaka milomoyo anaichotsa, ndipo nsagwada zinkayendabe. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa. Kodi ankanena za ana? Kodi pali chimene anabisa? Kodi ankanditukwana, poti mcherewo ndinawatuma ndine?" Anaika chitsononkho pansi. "Inu munali pafupi. Ankati chiyani?"

Custódio ankawadziwa mawuwo. Anali atawasenza nthawi yonseyo pansi pa mankhwala a sing'anga. Anaona kuti bodza linali pafupi, lofewa, lokwanira bwino: ankati usamale ana. Mayiyu akanalilandira, akanalira, nkhani ikanatha. Koma anaganiza kuti ngati akutaya kusamba kwake, asakutayire bodza.

"Ankati, Josefina, tsinzina."

Mayiyo anakweza mutu.

"Tsinzina, usaone. Tsinzina. Ndi mawu okhawo, mayi, kuyambira poyamba mpaka pamene analeka."

Nkhuku zinali kutola chimanga m'mphepete mwa mphasa, ndipo palibe anaziingitsa. Josefina anakhala ngati mtengo. Kenaka anatulutsa kamawu ngati kuseka, koma sikunali kuseka.

"Ndiye ine ndinayang'ana zonse," anatero. "Sindinaphethire n'komwe. Ndinkati ndikaphethira ndiphonya."

Anadzuka, natenga lichero ndi chimanga chake chomwe, namumenya nalo Custódio kumaso. Anamumenyanso, ndi kumumenyanso, mpaka lichero linasweka, nsungwi zake zikumucheka pamphumi ndi m'masaya. Iye sanatchinge. Sebastião anaimirira ndi nkhwangwa.

"Khala pansi iwe!" anakuwa Josefina. "Sindinakuitane!"

Anaima akupuma mwamphamvu, chotsala cha lichero chili m'manja. Atalankhulanso, mawu ake anali atatsika.

"Munthu uyu akanakhala wabodza akanandiuza za ana. Awo ndi a Samuele enieni, ankandibisira ngakhale nkhuku akamaipha." Anapukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu. "Pitani, bambo. Mukandiona panjira musandipatse moni. Pamaso panga musadzagwirenso ng'oma. Koma munda wa amayi anu limani. Sebastião, wamva? Munthu uyu nyumba yake isapse."

Sebastião analavula pansi, koma anamva.

A Mphambano anathera pamenepo. Clifford anaimba m'mabala a ku Katete ndi ku Chipata, kenaka anapeza gitala yamagetsi, natsikira ku Tete kumene anakhala ndi gulu lakelake. Chipsera cha pamutu ankauza anthu kuti anagwa pa njinga yamoto. Nyimbo ija sanaisiye. Anaphunzitsa woomba wina kaombedwe kake, ndipo kumene kulibe wodziwa, anthu amaivinabe. Amene anamufunsapo akuti anayankha kuti nyimbo ilibe mlandu. Ku Mualadzi sanabwerenso.

Albina anabwerera ku koro. Akuluakulu anamukhazika kumbuyo kwa kanthawi, koma panalibe wina wa mawu ngati ake, ndipo anatsogolera nyimbo za parishi mpaka tsitsi linachita imvi. Atsikana ambiri oimba ku Chifunde lero anadutsa m'manja mwake. Mawu ena ankatuluka ndi kamluzu chifukwa cha mpata wa mano, ndipo ana ake a koro ankamutsanzira osadziwa kuti ndi chilema. Akakumana ndi Custódio ankamupatsa moni wa pakamwa, osaima.

A Hezekiya anasunga mawu awo. Anakhala zaka zina zingapo, ndipo sanadyenso mbale imodzi ndi mphwawo. Akadwala, Custódio ankawatemera nkhuni n'kuzisiya kunja kwa mpanda.

Zimene anachenjeza zija zinachitikadi. Akufa anabwera. Custódio anaonda, ankalankhula yekha m'munda, nthawi zina ankaponya khasu n'kutseka makutu dzuwa lili pamutu. Sanakwatire. Anaphunzira kumanga mpini ku dzanja lopindikalo ndi luzi, ndipo ankalima motero, mzere ndi mzere, chaka ndi chaka. Nkhokwe anamanganso. Palibe anaitentha.

Josefina anamwalira patapita zaka zambiri, nthawi ya dzinja. M'mawa amuna atapita kumanda kukakumba, Custódio anaoloka mtsinje, nafika, naima kumbuyo kwa adzukulu. Sebastião, amene tsopano anali nkhalamba, anamuyang'ana nthawi yaitali kuchokera pamene anakhala, kenaka anatembenuzira nkhope kumbali. Mmodzi wa okumba anatulutsa dengu la dothi m'dzenje, nayang'ana uku ndi uku, ndipo poona kuti palibe woletsa, analipereka kwa Custódio. Iye analikumbatira ndi mkono wabwino, nakalitaya, nabweranso kudzatenga lina. Anagwira ntchito mpaka manda anatha. Palibe anamuthokoza, palibenso anamuthamangitsa. Mwambo utatha anasamba m'manja pamodzi ndi amuna ena, nabwerera kumunda kwake, chifukwa udzu unali utakula m'chimanga.